Zilembo za serif zokongola pa laputopu koma zosawerengeka pa botolo: ndizisiye?

Funso

"Ndangoyamba kumene ntchito yokonza ma logo ndi zolemba za malonda. Mayi ena amene amapanga mafuta odzola ndi zonunkhiritsa anandipempha kuti ndiwakonzere logo yooneka yapamwamba, yonga ya m'magazini a mafashoni. Ndinasankha fonti (mtundu wa zilembo) ya Playfair Display. Pa laputopu inkaoneka bwino zedi ndipo eni ake anaikonda. Koma titasindikiza timapepala tomata pa timabotolo, zilembo zoyera pamalo akuda, mizere yopyapyala ija inasowa. H akungooneka mizere iwiri yoimirira, e akuoneka ngati c. Pa kachithunzi ka pa WhatsApp ndi Instagram dzinalo silikuwerengeka n'komwe. Mnzanga akuti zilembo za serif, zija zokhala ndi timichira kumapeto kwa mizere, ndi zachikale ndipo makampani akuluakulu onse anazisiya. Kodi ndiyambirenso ndi zilembo zopanda timichira? Nanga munthu amasankha bwanji serif yabwino ya mitu ya nkhani ndi ma logo? Ndine mlongo wanu wothedwa nzeru."

Yankho

Achemwali, khazikani mtima pansi. Diso lanu silinakunamizeni, ndipo mayiwo sanalakwe kuikonda logoyo. Zimene zakuchitikiranizi ndaziona kambirimbiri, kwa ophunzira ngakhalenso kwa akhalakale pa ntchitoyi, ndipo pafupifupi nthawi zonse gwero lake limakhala limodzi: zilembo zimene anazijambula kuti zizioneka pa saizi yaikulu zapanikizidwa pamalo aang'ono. Serif payokha ilibe mlandu. Musagumule zonse, pofunika kukonza m'pochepa.

Kumene kukongola kwa zilembozi kumachokera n'komwenso kuli kufooka kwake. Yang'anitsitsani H wa Playfair Display. Mizere iwiri yoimirira ndi yonenepa, koma wopingasa pakatiwo ndi wopyapyala kwambiri. Kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa munthu kuganiza za zinthu zodula akangoona dzina. Kalembedweka kanakhwima kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 m'manja mwa Firmin Didot ku Paris ndi Giambattista Bodoni ku Parma. Iwo asanatchuke, John Baskerville wa ku Birmingham anali atayamba kale kukulitsa kusiyanaku, ndipo sanalekere pa kujambula zilembo. Analimbananso ndi kupanga inki yakuda bii ndi kusalaza mapepala, podziwa kuti mzere wopyapyala sungapulumuke pa pepala lokhakhala. Akatswiriwa ankaganizira chilembo, inki ndi pepala nthawi imodzi. Ife lero timasankha fonti pa sikirini yowala, titaikuza mpaka kudzaza laputopu yonse, za pepala n'kudzazikumbukira ntchito itatha.

Palinso luso lina limene linatsala pang'ono kutayika. Pa nthawi ya zilembo zachitsulo, saizi iliyonse inkasemedwa payokha ndi manja. Wosema akamapanga zilembo za m'kati mwa buku ankanenepetsa mizere yopyapyala, kutambasula zilembo pang'ono, kukulitsa mimba za a, e ndi o, ndi kusiya mpata wokwanira pakati pa chilembo ndi chinzake. Akafika pa zilembo za mutu wa buku m'pamene ankapyapyaletsa mizere mmene angathere, chifukwa pa saizi imeneyo imaoneka. Makina atabwera, makamaka makompyuta, panayamba chizolowezi chotenga chojambula chimodzi n'kumangochikuza kapena kuchichepetsa. Tsono mukachepetsa chilembo kakhumi, mzere wonenepa umaonekabe, koma wopyapyala uja umatsika kufika poti inki singathe kuusunga. Claus Eggers Sørensen anajambula Playfair Display kuti izikhala pa mitu ikuluikulu, ndipo pa kabotolo munaipatsa ntchito imene si yake.

Kusankha zilembo zoyera pamalo akuda kunawonjezera vutolo, ndipo apa ndikufuna mumvetse bwino chifukwa mudzakumana nazo moyo wanu wonse wa ntchito. Pa kusindikiza kwa masiku onse, zilembo zoyera sizisindikizidwa ayi. Ndi malo amene inki yawalambalala, pepala n'kumaonekera. Inki ikagwera pa pepala imafalikira pang'ono, makamaka ngati pepalalo ndi lomwa inki. Zilembo zikakhala zakuda pa pepala loyera, kufalikirako kumanenepetsa mizere yopyapyala, zomwe nthawi zina zimathandiza. Zikakhala zoyera pamalo akuda, inki imalowerera kuchokera mbali zonse ziwiri n'kuumeza mzerewo. Ngati kudako kunapangidwa posakaniza inki zonse zinayi za makina osindikizira, ndiye kuti imodzi ikangophonya malo ake pang'ono chabe, mzere woyera umatsekeka kapena kukhala ndi mthunzi wa mtundu wina m'mphepete. Osindikiza ambiri amalangiza kuti mzere usachepere pa mapointi 0.25 ukakhala wakuda pa zoyera, ndi mapointi 0.5 ukakhala woyera pa zakuda. Pointi imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.35. Ikani logo yanu pa saizi yeniyeni ya kapepala kaja, musandutse zilembozo kukhala zojambula ndi Create Outlines mu Illustrator kapena Convert to Curves mu CorelDRAW, ndipo muyeze kamzere kopingasa ka e. Ndikukhulupirira mupeza kuti kali pansi pa muyezo umenewu.

Pa foni nkhani ndi yomweyo, kungoti m'malo mwa inki pali timadontho ta pa sikirini. Kachithunzi ka pa WhatsApp kamaoneka kakang'ono zedi pa mndandanda wa mauthenga, kamadulidwa mozungulira, ndipo mapulogalamuwa amapanikiza zithunzi kuti zisalemere. Mzere wosakwana kadontho kamodzi umasanduka wotuwa, kenako n'kuzimirira.

Za mnzanuyo, theka la zimene akunena ndi zoona. Google inasiya logo yake ya serif mu 2015. Burberry inachita chimodzimodzi mu 2018 ndi logo yokonzedwa ndi Peter Saville, ndipo makampani angapo a zovala zodula anatsata njira yomweyo pa zaka zimenezo, mwa zina pofuna kuoneka bwino pa mafoni. Koma zotsatira zake zinali zakuti mayina ambiri anayamba kufanana, onse zilembo zazikulu zakuda zopanda timichira. Burberry yomweyo inabwerera ku serif mu 2023, Daniel Lee atayamba kutsogolera zojambula za kampaniyo. Chobani, kampani ya yogati, mu 2017 ndi Mailchimp, yotumiza maimelo a malonda, mu 2018 anasankha serif zofewa, zooneka zaubwenzi. Magazini a mafashoni a Vogue ndi Harper's Bazaar akhala ndi zilembo za mtundu wa Didot pa zikuto zawo kwa zaka zambirimbiri osasintha maganizo. Ine sindingalangize munthu kusiya zilembo zimene zikugwirizana ndi malonda ake pa chifukwa chakuti makampani ena anatembenuka. Kwa zonunkhiritsa, serif munasankha bwino.

Njira imene ndimayamba nayo ndi kufufuza ngati fontiyo ili ndi abale ake ojambulidwira masaizi ena. Jonathan Hoefler atapemphedwa kujambula Didot ya Harper's Bazaar mu 1991, anaijambula m'magulu asanu ndi awiri, kuyambira ya mapointi 6 mpaka ya mapointi 96, kuti mzere wopyapyala uzioneka wopyapyala pa saizi iliyonse popanda kusowa. Ndiko kubwezeretsa luso la osema aja. Mafonti ambiri abwino lero amatsata nzeru yomweyi. Canela ya Miguel Reyes ili ndi Canela Deck ya timitu tapakatikati ndi Canela Text ya nkhani yeniyeni. DM Serif Display ili ndi DM Serif Text. Kuyambira 2016 kulinso mafonti otchedwa variable, amene fayilo imodzi imasunga maonekedwe ambiri, ndipo ena mwa iwo ali ndi chosinthira chotchedwa optical size, chimene chimasintha maonekedwe a zilembo molingana ndi saizi. Bodoni Moda ili nacho kuyambira mapointi 6 mpaka 96, Fraunces kuyambira 9 mpaka 144, ndipo mtundu watsopano wa Playfair, wongolembedwa Playfair popanda Display, nawonso uli nacho. Kwa inu Playfair yatsopanoyo ndiyo yoyamba kuyesa, chifukwa nkhope ya logo siisintha kwenikweni. Mukatsitsa chosinthiracho muona mizere yopyapyala ikulimba ndipo zilembo zikutalikirana pang'ono. Pa masamba a pa intaneti mabulawuza amakono amachita zimenezi okha, malinga fontiyo yaikidwa bwino.

Musayembekezere kuti kusankha Bold kapena Black kuthetsa vutoli. Pa zilembo zamtunduwu kunenepako kumapita kwambiri ku mizere imene inali yonenepa kale, yopyapyala ija n'kutsala pafupifupi momwemo. Musadinenso batani la B pa fonti imene ilibe Bold yakeyake, chifukwa kompyuta imangopaka zilembo mozungulira n'kuwononga maonekedwe ake.

Chachiwiri, vomerezani kuti logo imodzi singakwanire paliponse. Ntchito yabwino imaperekedwa ndi mitundu ingapo ya logo yomweyo: yopyapyala ya pa chikwangwani, pa chikwama chapepala ndi pa tsamba loyamba la webusaiti, yolimbitsidwa ya pa timabotolo, pa chidindo ndi pa malisiti, komanso kachizindikiro ka chilembo chimodzi kapena ziwiri ka pa WhatsApp ndi Instagram. Kachizindikiroka ndimakakonda kwambiri pa serif, chifukwa chilembo chimodzi chikadzaza bwalo lonse chimakhala chabwerera ku saizi imene anachijambulira. R wokhala ndi mwendo wopindika bwino, kapena Q wa mchira wautali, amatha kunyamula dzina lonse yekha. Mumulembere kasitomala momveka kuti logo ikachepera pa muyezo wakutiwakuti azigwiritsa ntchito mtundu wachiwiri, ndipo muyezowo muupeze poyesa kusindikiza, osati poganizira.

Mukhozanso kulimbitsa mizere ndi manja, popeza dzina ndi zilembo zochepa chabe. Mukasandutsa zilembo kukhala zojambula, nenepetsani mizere yopingasa ndi timichira, ndipo mutsegule pang'ono diso la e ndi mimba ya a. Ena amangowonjezera kamzere kozungulira chilembo chonse. Kakakhala kochepa kwambiri kamapulumutsa pa tsiku la changu, koma kakachuluka kamabuntha ngodya zonse ndi kutseka mipata ya m'kati, kukongola kuja n'kuthera pomwepo.

Tsono ku funso lanu lalikulu, la kasankhidwe. Serif za mitu si mtundu umodzi, ndipo uliwonse umalankhula mwamtundu wake. Za banja la Didot ndi Bodoni ndi zowongoka, zozizira, zodzilemekeza, ndipo zimayenera mafashoni, ndolo, mawotchi ndi zonunkhiritsa. Zimafuna malo opanda kanthu mozungulira, mukazipanikiza ndi zithunzi ndi mawu ambiri zimaoneka zotchipa msanga. Cormorant ya Christian Thalmann inachokera ku zilembo za Claude Garamond za m'ma 1500. Ndi yakuthwa, yooneka ngati yadutsa m'dzanja la munthu, yokoma pa makadi oitanira anthu ndi pa zikuto za mabuku, koma mimba za a ndi e wake ndi zazing'ono kwambiri moti pa saizi yochepa imavuta kuposa Playfair. Trajan ya Carol Twombly, ya mu 1989, inatengedwa pa zolembedwa pa chipilala cha mfumu Trajan ku Rome cha m'chaka cha 113. Ndi ya zilembo zazikulu zokhazokha ndipo imapereka ulemu, koma inagwiritsidwa ntchito pa zithunzi zotsatsira mafilimu mpaka maso a anthu anaizolowera. Cinzel ndi yaulere yofanana nayo mzimu. Palinso zonenepa kwambiri zimene zinayamba ku London kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, dzina la Robert Thorne likumveka kwambiri pa chiyambi chake, ndipo ntchito yake inali kukuwa pa zotsatsa malonda. Abril Fatface ndi mdzukulu wa zimenezo. Kumapeto kwina kuli zofewa za banja la Cooper, lomwe Cooper Black ya mu 1922 ndiyo yotchuka, pamodzi ndi Fraunces. Izi sizidzikweza, ndipo pa Cooper kusiyana kwa mizere n'kochepa moti imapirira pa malo ovuta.

Pa zonsezi ndimadzifunsa funso limodzi ndisanakopeke ndi fonti iliyonse: dzinali lidzaoneka pati pamene lili laling'ono kwambiri, ndipo pa chinthu chotani? Ngati lidzapetedwa ndi ulusi pa malaya, Didot yopyapyala yagwa kale, chifukwa ulusi uli ndi kunenepa kwake kumene sungatsikire. Ngati lidzadulidwa pa pulasitiki yomata pa galasi, timizere topyapyala timang'ambika pomatula. Ngati lidzadindidwa ndi golide wonyezimira, wodindayo ali ndi muyezo wake wofunika kumufunsa musanajambule. Mukatero muzilemba dzina lenilenilo poyesa mafonti, osati mawu achitsanzo a pa webusaiti, chifukwa fonti ikhoza kukhala ndi g wokongola koma k wosalongosoka, ndipo mwina dzina la kasitomala wanu lili ndi ma k awiri.

Mipata ya pakati pa zilembo ndi imene imasiyanitsa ntchito ya katswiri ndi ya wophunzira. Pa saizi yaikulu diso limaona mpata uliwonse wolakwika, makamaka pa zilembo zoyandikana monga A ndi V, L ndi T, T ndi o, W ndi a. Kukonza mipata ya zilembo ziwiriziwiri, kumene timati kerning, pa logo kumachitika ndi maso, osadalira kompyuta yokha. Ine ndimatembenuza dzina chadodolido kuti ndisiye kuliwerenga ndizingoona mipata. Dzina likakhala la zilembo zazikulu zokhazokha, litalikitseni pang'ono, limapuma bwino ndipo limaoneka lapamwamba. Zilembo zazing'ono musazitalikitse kwambiri, zimabalalika. Kampani ya zovala ya Zara mu 2019 inachita zosemphana, inapanikiza zilembo zake mpaka kukwerana, ndipo anthu anatsutsana nazo kwambiri. Dzina la zilembo zinayi lodziwika padziko lonse likhoza kupirira zimenezo, koma la bizinesi yatsopano liyenera kuwerengeka kaye. Mutu wa nkhani ukatenga mizere iwiri kapena itatu, yandikizani mizereyo kuposa mmene pulogalamu imaikira yokha. Ndipo chonde musakoke fonti m'litali kapena m'lifupi kuti ikwane malo, zimenezo zimasokoneza kusiyana kwa mizere kumene mwaisankhira.

Onaninso manambala. Playfair Display imatulutsa manambala achikale amene ena amatsika pansi pa mzere ena n'kukwera, zokoma m'kati mwa chiganizo koma zosokoneza pa "50 ml" kapena pa nambala ya foni. Owongoka alimo, mumangowayatsa pa zosankha zotchedwa OpenType mu pulogalamu yanu yojambulira. Ngati dzina kapena mitu yanu ili ndi zilembo monga ŵ, é kapena ñ, zilembeni musanasankhe fonti, chifukwa zikasowa kompyuta imabwereka chilembo cha fonti ina mwakachetechete ndipo chimaonekera patali.

Mawu ang'onoang'ono a pa botolo, monga zosakaniza ndi kagwiritsidwe ntchito kake, asalembedwe ndi fonti ya logo. Apatseni fonti yodekha, kaya yopanda timichira monga DM Sans kapena serif yojambulidwira kuwerenga. Serif ziwiri zonyada pa kapepala kamodzi zimalimbana.

Nkhani ya chilolezo musaidumphe, chifukwa imapweteka mochedwa. Playfair, Cormorant, Bodoni Moda, Fraunces ndi mafonti ambiri a pa Google Fonts ali pansi pa SIL Open Font License, imene imalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda ndi pa ma logo, ngakhale kuwasintha, bola musagulitse fontiyo payokha. Ogulitsidwa monga Canela amakhala ndi malaisensi osiyana a pa kompyuta, pa webusaiti ndi pa mapulogalamu a m'foni, ndipo makampani ena ojambula mafonti amafuna chilolezo chapadera cha logo. Werengani mgwirizanowo, ndipo mugwirizane ndi kasitomala kuti laisensi ikhala m'dzina la ndani. Mawebusaiti amene amagawa mafonti odula mwaulere muwapewe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: kawirikawiri mafayilowo amakhala akuba, osakwanira zilembo, mipata yake yosokonekera, ndipo bizinesi ikadzakula mwini fonti akhoza kudzafunsa malipiro. Potumiza ntchito kwa osindikiza, tumizani zilembo zosandutsidwa zojambula kapena PDF m'malo mwa fayilo ya fontiyo, koma musunge kope limene mungathe kulembanso.

Dziwaninso kuti fonti yaulere ndi ya aliyense. Playfair Display ili pa ma logo osawerengeka, ndipo wopikisana ndi kasitomala wanu akhoza kuitenga mawa. Kusintha chilembo chimodzi kapena ziwiri mwaluso, kaya mchira wa y kapena kulumikiza zilembo zoyandikana, kumapatsa dzina nkhope yakeyake. Ngati mayiwo akufuna zilembo zojambulidwa mwapadera kuyambira pachiyambi, kapena muona kuti mapindikidwe anu akutuluka okhotakhota, pezani katswiri wojambula zilembo mugwire naye limodzi. Ndi luso lapadera, losiyana ndi lokonza masamba, ndipo kupempha thandizo pamenepo si manyazi. Akafuna kulembetsa logoyo mwalamulo kuti ena asaitengere, awonane ndi loya wodziwa za zizindikiro za malonda musanasindikize katundu wambiri.

Munthu woyamba kumuona sabata ino ndi wosindikiza wanu. Mufunseni muyezo wa mzere wochepetsetsa umene makina ake amasunga pa pepala limenelo, ndiponso ngati kudako angakusindikize ndi inki yakuda yokha. Konzani logo m'mitundu itatu, wina wolimbitsidwa pang'ono, wina kwambiri, wina wa zilembo zakuda pa pepala lowala, ndipo mupemphe akusindikizireni yonse pa pepala lenilenilo musanalipire zambiri. Imateni pa timabotolo, muyang'ane muli patali ngati mmene wogula amaimira, ndipo mupatse munthu amene salidziwa dzinalo kuti aliwerenge mokweza. Kwa mayiwo pitani mutanyamula timabotoloto, muwafotokozere kuti logo ndi yomwe anaikonda ija, kungoti tsopano ili ndi mtundu wa pamalo aang'ono, ndipo muwalole asankhe ali nato m'manja.